Nyumba ya Lendi ku Katlehong

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nyumba zochititsa lendi, ndipo nkhani yathu tiikhazika ku Katlehong, mzinda waukulu umene uli kumwera kwa Germiston, m'dera la Ekurhuleni, kufupi ndi Johannesburg. Ndasankha malo amenewa chifukwa abale athu ambiri, makamaka ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, amagona m'menemo, nalawirira m'mamawa kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Wadeville, Alrode ndi Roodekop. Ochuluka a iwo amakhala m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za eni ake, ndipo mwezi ukatha amapereka lendi kwa mwini malo, amene kumeneko amamutcha mastandi. Munthu akapereka lendi zaka zambiri, tsiku lina amawerenga zitseko za pabwalo pamene akhalapo, nachulukitsa ndi ndalama imene iye amapereka, ndipo mtima umayamba kumfunsa kuti, "Nanga ine ndilekeranji kukhala mastandi?" Funso limeneli ndi labwino ndithu. Koma amene afuna kuliyankha asayambe ndi njerwa, ayambe ndi mapepala.

Kuti mumve chifukwa chake, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Katlehong anakhazikitsidwa mu 1945, ndipo dzinalo ndi la Chisuthu, kutanthauza malo opambanirako. Pamodzi ndi Thokoza ndi Vosloorus, malo atatuwa amatchedwa Kathorus. Pa kalembera wa 2011 anthu a mu Katlehong yekha anapitirira 400,000. Nyumba zakale za m'menemo, zija za zipinda zinayi, anamanga ndi akhonsolo, ndipo pa malamulo a tsankho munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala mwini nthaka m'tauni. Anali kungopatsidwa chilolezo chokhalamo. Mu 1978 boma linalola kubwereka malo kwa zaka 99, mu 1986 linalola umwini weniweni, ndipo pambuyo pake nyumba zambiri zakale zinaperekedwa kwa mabanja okhalamo. Popereka nyumbazo anali kulemba dzina la munthu mmodzi, kapena la mwamuna ndi mkazi wake, pamene banja lonse linali kuyesa kuti nyumbayo ndi ya onse. Lero mwina wolembedwayo anamwalira kale, ndipo ana, adzukulu ndi alamu ali yense akuti nyumba ndi yake. Amene akuonetsani nyumba atagwira makiyi m'manja angathe kukhala mmodzi chabe mwa anthu ambiri, ndiponso mwina si iye amene lamulo limdziwa.

Ku South Africa mwini nyumba ndi munthu amene dzina lake lalembedwa ku ofesi ya boma yosunga zikalata za malo, yotchedwa Deeds Office, ndipo chikalata chake amachitcha title deed. Palibe china. Kalata yolumbirira imene anthu amalemberana ku polisi, ya chidindo chake chofiirira, siisamutsa umwini ngakhale pang'ono. Risiti ya khonsolo yokhala ndi dzina la wogulitsa nayo si umboni wa umwini. Lamulo la 1981 lotchedwa Alienation of Land Act limati pangano logulitsa malo likhale lolembedwa ndi losainidwa ndi mbali zonse ziwiri, koma ngakhale pangano lotero silikupangani mwini nyumba kufikira tsiku limene dzina lanu lilowa m'kaundula. Amene amagwira ntchito yosamutsa dzinayi ndi loya wa za malo, wotchedwa conveyancer.

Tsono chitani chotere. Tengani nambala ya poloti, imene kumeneko amati erf kapena stand, mupite nayo ku Deeds Office kapena kwa loya, ndipo pa ndalama yochepa adzakuuzani dzina la mwini wake, ngati nyumbayo ili pa chikole ku banki, ndi ngati pali choletsa kuigulitsa. Dzinalo mulilinganize ndi chitupa cha wogulitsa. Ngati mwini wake anamwalira, woyenera kugulitsa ndi yekhayo amene ali ndi kalata yochokera kwa Master of the High Court yomuika kukhala woyang'anira chuma cha masiye. Ngati wogulitsa ali pa ukwati wa chuma chophatikiza, mkazi wake kapena mwamuna wake ayenera kuvomera molemba. Ndipo ndalama zanu musapereke m'manja mwa wogulitsa, kapena mwa mkhalapakati amene anakupezerani nyumbayo. Zipite ku thumba losungitsa la loya, zikhale komweko mpaka kusamutsa dzina kutatha. Wogulitsa akakufulumizani, nati pali wina akubwera ndi ndalama mawa, mlekeni wina uja agule. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali mtundu wina wa nyumba umene wadyetsa anthu ambiri ndalama zawo, ndiwo nyumba zimene boma linapereka ulere kwa osauka, zodziwika ndi dzina loti RDP. Mtengo wake umakhala wotsika, ndipo maso amakopeka. Koma lamulo la za nyumba la 1997, monga linakonzedwa mu 2001, limaletsa wolandira nyumba yotero kuigulitsa zisanathe zaka 8, pokhapokha atayamba waipereka ku boma la chigawo. Mukagula zakazo zisanakwane, dzina lanu silingalowe m'kaundula. Mudzamanga zipinda zanu kuseri, mudzalowetsa anthu, ndipo tsiku lina wogulitsayo akamwalira ana ake adzafika ndi chikalata, nyumba ndi zipinda zanu zomwe zili zawo.

Mau amenewa akhudzanso nkhani ina imene ambiri sakonda kuimva. Mlendo wokhala ndi mapepala oyenera amaloledwa kugula nyumba ku South Africa m'dzina lake. Koma lamulo la za alendo la 2002 limaletsa kugulitsa kapena kubwereketsa nyumba kwa mlendo wopanda chilolezo chokhalira m'dzikomo. Chifukwa cha ichi ena amagula m'dzina la bwenzi lawo, kapena la mkazi amene akhala naye osakwatirana mwa lamulo. Ine sindinena kuti bwenzi lanu ndi wakuba. Ndinena kuti iye akamwalira nyumbayo idzagawidwa kwa abale ake, akagwa m'ngongole idzagulitsidwa chifukwa cha ngongole zake, ndipo chikondi chikatha mudzatuluka ndi sutikesi. Amene mapepala ake sanakhale bwino achita bwino kumanga nyumba yake ya lendi ku Mzuzu, ku Mangochi kapena ku Lilongwe, kumene dzina lake lingalembedwe.

Funsaninso za ngongole za ku khonsolo. Nyumba isanasamutsidwe, khonsolo ya Ekurhuleni iyenera kupereka kalata yonena kuti msonkho wa malo, madzi, zinyalala ndi zina za zaka 2 zapitazo zalipidwa. Kale makhonsolo anali kuumiriza wogula kulipira ngongole zakale kwambiri za mwini woyamba, koma mu 2017 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula, pa mlandu wa Jordaan umene Ekurhuleni analimo, kuti ngongole zoterozo sizimtsata mwini watsopano. Chitetezo chimenechi ndi cha munthu amene wagula mwa njira ya kaundula. Wogula pa kalata ya ku polisi amalowa m'nyumba pamodzi ndi ngongole zake zonse, ndipo madzi akadulidwa alibe pokadandaula, pakuti khonsolo siimdziwa.

Mapepala akakhala bwino, yang'anani pansi pamene muponda. Mbali yaikulu ya Kathorus ili pa mwala wotchedwa dolomite, umene umasungunuka pang'onopang'ono madzi akamalowamo, nusiya mapanga pansi pa nthaka. Tsiku lina nthaka imangotitimira, khoma ling'ambika, kapena dzenje litseguka pabwalo. Musayese nthano: chipatala chachikulu cha Natalspruit, chimene chinali mu Katlehong momwemo, chinasiyidwa chifukwa cha nthaka yomweyi, ndipo mu 2014 odwala anasamukira ku chipatala chatsopano cha Thelle Mogoerane ku Vosloorus. Ngati boma linathawa nthaka, inu ndi zipinda zanu ndinu yani? Chimene chimafulumiza ngoziyi ndi madzi otayika: mpopi wodontha pansi, paipi ya chimbudzi yosweka, madzi a mvula osonkhana m'mbali mwa khoma. Ndipo pabwalo la lendi pamene mabanja ambiri achapa, asamba ndi kutsuka mbale pa mpopi umodzi, madzi otayika ndi ochuluka. Poyendera nyumba yang'anani ming'alu ya m'makoma, zitseko zokana kutsekeka, ndi malo otsika pabwalo. Funsani oyandikana nawo ngati m'msewu umenewo munayamba mwatitimira.

Pomanga, pulani ya zipinda iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo, monga linena lamulo la zomangamanga la 1977. Ndidziwa kuti ambiri amamanga osafunsa. Koma nyumba yopanda pulani yovomerezeka imavuta kuigulitsa, banki imaikana ngati chikole, a inshuwalansi angathe kukana kulipira ikapsa, ndipo ngati mwamanga pamwamba pa paipi yaikulu ya zonyansa, imene kawirikawiri imadzera kuseri kwa poloti, tsiku lokonza paipiyo chipinda chanu chidzagwetsedwa.

Tsono tifike pa ndalama, ndipo pano ndikupemphani mutenge pensulo. Manambala amene nditchule ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Tinene kuti muli ndi zipinda 6, chili chonse R1,500 pa mwezi. Munthu wofulumira amati ndi R9,000 pa mwezi, nayamba kuona galimoto m'maloto. Koma chaka cha mwini nyumba chili ndi miyezi 10, osati 12, pakuti chipinda chimakhala chopanda munthu pakati pa wotuluka ndi wolowa, wina ntchito imamthera, ndipo mu December ambiri amapita kwawo, January nabwera m'matumba muli mbee. Motero werengani R7,500 pa mwezi. Chotsanipo R1,500 ya msonkho wa khonsolo, madzi ndi zinyalala. R900 yokonzera denga, maloko, zimbudzi ndi utoto. R300 ya inshuwalansi. Yatsala R4,800. Iyi ndiyo ndalama yeniyeni ya pabwalopo, ndipo ngongole yanu iyenera kukwana m'menemo.

Nanga ngongoleyo? Tinene kuti mwabwereka R400,000 ku banki, yobweza pa zaka 20. Ngongole zambiri za nyumba kumeneko chiongoladzanja chake sichikhala malo amodzi, chimakwera ndi kutsika motsata banki yaikulu ya dziko, South African Reserve Bank. Mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, chiongoladzanja chimene mabanki amayambirapo chinatsika kufika 7 pa 100 iliyonse. Pa mlingo umenewo mukadabweza pafupifupi R3,100 pa mwezi, ndi kutsala ndi R1,700. Koma pofika May 2023 chinali chitakwera kufika 11.75 pa 100, ndipo ngongole yomweyo inali kufuna pafupifupi R4,335 pa mwezi. Phindu lanu latsala R465. Nyumba ndi yomweyo, anthu ndi omwewo, ndipo lendi simungaikweze msanga chotero, pakuti khomo loyandikana nalo lili ndi zipinda zopanda anthu. Wina mmodzi akalephera kulipira mwezi umenewo, mudzachotsa ya m'thumba mwanu. Chifukwa chake powerenga musawerengere chiongoladzanja cha tsiku limene musaina; onjezanipo 3 kapena 4 pa 100, muone ngati mungapirire.

Mlendo adziwenso kuti banki sizimbwereketsa monga zibwereketsa nzika. Wosakhazikika m'dzikomo kawirikawiri amapatsidwa ndalama zosapitirira theka la mtengo wa nyumba, theka linalo adzipezere yekha. Thandizo la boma lotchedwa First Home Finance ndi la nzika ndi alendo okhazikika okha. Msonkho wogulira nyumba, transfer duty, kuyambira April 2025 sulipidwa pa nyumba yosapitirira R1,210,000, kotero nyumba zambiri za mu Katlehong uwu suzikhudza. Koma loya wosamutsa dzina ndi wolembetsa ngongole onse amafuna malipiro awo, ndipo muyenera kuwafunsa mtengo musanasaine. Alipo makampani obwereketsa ndalama zomangira zipinda za lendi m'malokeshoni, monga uMaStandi, ndipo nawonso chinthu choyamba chimene amafunsa ndi chikalata cha umwini.

Za katapila ndinena mwachidule. Kumeneko wobwereketsa wotero amamutcha mashonisa. Lamulo la za ngongole la 2005 limafuna kuti wobwereketsa alembetsedwe ku National Credit Regulator, ndipo limaletsa kusunga chitupa kapena khadi ya ku banki ya munthu ngati chikole. Palibe chipinda cha lendi chimene chingabale msanga kuposa chiongoladzanja cha katapila. Kwa ine njira yabwino kwa munthu wa malipiro ochepa ndi ija yakale ya chipereganyu, imene kumeneko amati stokvel: kulandira gawo lanu, kumanga zipinda ziwiri zomalizika bwino pamodzi ndi chimbudzi chake, kulowetsamo anthu, ndipo lendi ya ziwirizo imange chachitatu. Makoma 6 opanda denga salipira kanthu.

Anthu akalowa, ntchito yayamba. Lamulo loyendetsa za lendi ndi Rental Housing Act la 1999, ndipo limagwira ntchito ngakhale pa kachipinda ka kuseri. Wochita lendi akapempha pangano lolembedwa, mwini nyumba ayenera kulemba. Ine nditi lembani ngakhale asanapemphe. Mulembe ndalama yake, tsiku lolipira, chiwerengero cha anthu ogona m'chipindamo, za magetsi ndi madzi, ndi nthawi yochenjezana pofuna kusiyana. Pa ndalama iliyonse perekani risiti. Ndalama ya chikole imene munthu amapereka polowa si yanu. Lamulo limati isungidwe ku banki kumene ibale chiongoladzanja, ndipo phindulo ndi la mwini wake. Polowa ndi potuluka muyendere chipindacho pamodzi, mulembe zoonongeka, ndipo masiku ano foni ili ndi kamera, jambulani. Ngati palibe choonongeka chikolecho chibwezedwe pasanathe masiku 7; ngati mwakonza zina, chotsala chibwezedwe pasanathe masiku 14 chimalizireni kukonza. Mwini nyumba amene sanayendere chipinda potuluka munthu, lamulo limamuyesa kuti wavomera kuti zonse zili bwino.

Mikangano yambiri ya pabwalo la lendi imayambira pa magetsi. Wina ali ndi mbaula yoothera m'nyengo yozizira ya June, wina ali ndi babu limodzi lokha, ndipo onse agawana mtengo mofanana. Ikani mita yolipiriratu pa chipinda chili chonse, muitane wa magetsi wa chiphaso amene adzakupatsani kalata yotsimikiza kuti mawaya ali bwino. Magetsi akuba musawalole pabwalo panu. Apsereza nyumba, apha ana, ndipo mlandu udzagwera inu. Madzi asiyeni m'dzina lanu ndi kuwaphatikiza m'lendi, pakuti khonsolo pa mapeto pake imafuna mwini malo, osati amene anasamba.

Nanga munthu akaleka kulipira? Apa ndi pamene amuna ofatsa amasanduka zilombo. Amachotsa chitseko, amasintha loko, amadula magetsi, amataya katundu kunja. Zonsezi ndi zolakwira lamulo, ndipo bwalo lingathe kukulamulani kumbwezera munthuyo m'chipinda, inu nimulipira za mlandu. Malamulo a dziko la South Africa amati palibe munthu angatulutsidwe m'nyumba popanda chigamulo cha bwalo, ndipo lamulo la 1998 lodziwika ndi dzina loti PIE limalongosola njira yake: kalata yomchenjeza kuti alipire, kuthetsa pangano, kukasuma ku bwalo la majisitireti, monga la ku Palm Ridge, ndi chidziwitso cha masiku 14 mlandu usanamveke. Wotulutsa munthu ndi sherifu, si inu ndi achimwene anu. Njirayi imatha miyezi, ndipo imadya ndalama. Koma chigawo cha Gauteng chili ndi bwalo la za lendi, Rental Housing Tribunal, limene limamva madandaulo a mbali zonse ziwiri popanda malipiro. Silitulutsa munthu m'nyumba, koma chigamulo chake pa za ngongole ndi chikole chili ndi mphamvu monga cha majisitireti.

Poona kuvuta kwa kutulutsa munthu, nzeru ili polowetsa. Funsani kumene agwira ntchito, kambani ndi mastandi wake wakale. Ndipo chenjerani ndi wachibale. Mwana wa mlongo wanu akafika kuchokera kumudzi, simungamkane pogona, ndipo ndi bwino kumthandiza. Koma nenani poyera kuti chipindachi ndampatsa ulere miyezi itatu, muchichotse m'chiwerengero chanu. Choipa ndi kumulemba ngati wolipira, inu nimuyembekeza ndalama imene manyazi sadzakulolani kuifunsa. Munthu wolipira bwino akadwala mwezi umodzi, mpirireni. Amene amasunga chipinda chaukhondo ndi kulipira pa tsiku lake aposa wachilendo wolonjeza R200 yoonjezera. Kumbukiraninso kuti lendi ndi phindu loyenera kuululidwa kwa a msonkho a SARS, ndipo amalola kuchotsapo chiongoladzanja, msonkho wa khonsolo ndi zokonzera, ngati marisiti mwasunga.

Sindingakambe za Katlehong ndi kubisa za chipwirikiti. Mu May 2008 ziwawa zolimbana ndi alendo zinapha anthu 62 m'dziko lonselo, ndipo dera la Ekurhuleni linali limodzi mwa malo amene zinakula. Mu September 2019 alendo mazanamazana, Amalawi ali pomwepo, anathawira m'maholo a khonsolo mu Katlehong momwemo. Nyumba siinyamulika pothawa. Inshuwalansi wamba siilipira zoonongeka pa zipolowe. Imalipira ndi kampani ya boma yotchedwa Sasria, ndipo gawo lake amaliphatikiza pa inshuwalansi yanu mukapempha. Funsani ngati lilipo, ndiponso ngati kutitimira kwa nthaka kuli m'kati mwa pangano. Zikalata zanu zijambuleni, zina zikhale kwa loya, zina kumudzi.

Chotsala ndi tsiku lobwerera kwanu, pakuti si onse afuna kukhala machona. Nyumba ya lendi siiyendetsedwa bwino pa foni kuchokera ku Nkhata Bay. Ngati musiya munthu woyang'anira, mlembereni mphamvu zake ndi malipiro ake, lendi ilowe ku banki m'dzina lanu osadzera m'thumba mwake, ndipo makalata a khonsolo muziwaona nokha mwezi ndi mwezi. Lembaninso wilo. Nyumba ya ku Katlehong idzagawidwa motsata malamulo a ku South Africa, osati mwambo wa kwathu. Mukafa osalemba, olowa ndi mkazi ndi ana, ndipo mwana wa mlongo wanu, amene kwathu akadayembekeza gawo, sadzalandira kanthu. Ana onse amawerengedwa, a kumudzi ndi a ku Joni omwe. Wilo ya kumeneko iyenera kukhala yolembedwa, yosainidwa ndi inu pa tsamba lili lonse, pamaso pa mboni ziwiri za zaka 14 kapena kuposa, ndipo mbonizo zisakhale mwa anthu olandira chumacho. Amai a kumudzi asunge kalata ya ukwati ndi makalata a kubadwa kwa ana, chifukwa ku ofesi ya Master adzazifuna zimenezo asanamve mau ena ali onse.